Dzina langa linalowa usilikali, ine n'kutsala

Usilikali ndinaulephera ndi chala chimodzi, ndipo sindikukometsa nkhani ayi. Chaka chimene tinavota koyamba zipani zili zambiri, asilikali anabwera pabwalo la paboma kudzalemba anyamata. Ine ndinalawirira kuchokera kwathu ku Mauwa, satifiketi yanga ya Fomu 2 ili m'pepala la pulasitiki mkati mwa malaya. Kuthamanga ndinathamanga, ndinafika m'gulu la oyambirira. Mano anandiona, ali bwino. Kenako anatiimika mmodzimmodzi pa thabwa lokhala ndi chizindikiro, ndipo msilikali woyeza anaika chala chake pakati pa mutu wanga ndi chizindikirocho, chalacho n'kukwana bwinobwino. Anati ndipite ndikadye kaye, ndidzabwere ndikakula. Anzake anaseka. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo kukula kwanga kunali kutathera pomwepo.

Achimwene anga opondana nawo, akulu kwa ine ndi zaka zitatu, anali atali ngati bulugamu. Sukulu anaisiyira Sitandade 6, ati inkawapweteka mutu. Atsibweni athu, alongo awo a mayi, ndiwo ankaweruza za m'banja mwathu, ndipo atamva za chala chija anabwera, nakhala pakhonde, n'kutiyang'ana tonse awiri nthawi yaitali.

"Uyu ali ndi pepala, msinkhu alibe," anatero. "Uyu msinkhu ali nawo, pepala alibe. Ndiye pepalalo tilisungire njenjete?"

Sizinali zachilendo kwathu. Ana ankabwereza Sitandade 8 ndi mayina a asuweni awo, ena mpaka kukalamba nawo mayinawo. Dzina linali lobwerekana ngati khasu. Choncho atsibweni sanandifunse, anangondiuza. Ndipo ndi ine ndemwe amene ndinakhala ndi achimwene pansi pa mango masana awiri, kuwaloweza tsiku langa lobadwa, dzina la sukulu yanga ndi maphunziro amene ndinakhoza bwino. Anali ouma mutu kwabasi. Masamu anga aja, amene ndinawavutikira ndi nyali yofuka, iwo ankawaiwala kuti ndinapeza bwanji. Asilikali atabweranso, achimwene anapita ndi pepala langa, ndipo sanawabweze.

Patapita miyezi inabwera kalata, mkati muli chithunzi. Achimwene ataima chilili, yunifolomu yosita, jombo zonyezimira, ndipo pachifuwa pawo atasokerera dzina langa ndi zilembo zikuluzikulu. Mayi anachipachika pamwamba pa chitseko cha kuchipinda. Alendo odziwa kuwerenga akafunsa kuti bwanji pachifuwa pa wamkulu pali dzina la wamng'ono, mayi ankangoti, "Zakuntchito zimenezo." Ine ndikalowa m'nyumbamo ndinkaweramitsa mutu ngati chitseko n'chachifupi, chonsecho ndine munthu amene sindinagundepo mutu pa chitseko chilichonse.

Ndinene mosabisa, ndinkachita nsanje. Osati nsanje yoti ukagona yatha, koma ija umadzuka nayo n'kupita nayo kumunda. Ndinakwatira ku Milepa, ndinkalima nandolo ndi chimanga pamunda wa apongozi, ndipo nditapeza njinga ndinayamba kabaza. Dzina langa ndinapitiriza kuligwiritsa ntchito, kutchalitchi, kuchipatala, kulikonse. Panalibe chovuta. Masiku amenewo kunalibe chitupa cha unzika, ndipo mapepala a boma sankakumana. A asilikali ankakhala kwa asilikali, athu ankakhala m'masutikesi mwathu. Anthu awiri akanatha kukhala ndi dzina limodzi mpaka kufa, wina osaponda mnzake.

Pa Khirisimasi achimwene ankabwera atanenepa m'khosi, akuyankhula Chichewa cha kumtunda chimene kwathu sitiyankhula. Nkhani imene ankaikonda kwambiri inali ya kudwala kwawo. Anagwidwa malungo ali kukampu, n'kupatsidwa fansida, mankhwala amene tonse tinkamwa nthawi imeneyo. Iwo thupi lawo linawakana. Anatuluka zilonda m'kamwa ndi m'maso, khungu n'kumasupuka, moti anatsala pang'ono kufa. Koma pofotokoza ankathera nthawi pa bedi la nsalu zoyera, pa anamwino obwera kudzawatembenuza, pa dokotala wamkulu amene analemba yekha ndi inki yofiira pa fayilo yawo kuti munthu uyu asadzapatsidwenso mankhwala amenewa. Mayi ankagwira pakamwa. Ine ndinkamvera, ndipo chimene chinkandiwawa ndi choti munthu ankadwala bwino chonchi ndi dzina langa.

Ine fayilo ndinalibe. Nditakwatira inandiyamba mphumu, ndipo ndinkapita kuchipatala chaching'ono cha kwathu ndi kope la sukulu lodula pakati ndi mpeni, theka langa, theka la akazi anga. Loyamba linanyowa denga litadontha. Lachiwiri anadya ndi chiswe. Ndikapita ndi latsopano, adokotala ankandifunsa ngati ndikubwera koyamba, ine n'kuyambanso kufotokoza kuchokera pachiyambi. Pambuyo pake kunabwera timabuku tosindikiza ta chipatala, ndipo m'zaka za m'ma 2000 chipatala chachikulu cha paboma chinaika makompyuta ogwira ndi chala pagalasi. Nditapita kumeneko mphumu itandithina, mayi wina wa pawindo lolembetsera anandifunsa dzina, mudzi umene ndinabadwira ndi tsiku lobadwa, makina n'kutulutsa kapepala ka timizere takuda, iye n'kukamata pa buku langa. Ndinabwerera kunyumba ndikunyada ngati ndalembedwa ntchito. Ndinawaonetsa akazi anga, iwo anati kapepalako sikachiza mphumu.

Chaka chotsatira achimwene anabwerera kumudzi, atakhala kuusilikali zaka zoposa khumi. Sanabwere pa Khirisimasi. Anabwera nthawi yokolola, atatsitsidwa ndi galimoto pamsewu, ali ndi sutikesi imodzi ndi envelopu yaikulu yakhaki. Ndinalephera kuwazindikira. Anali ndi chifuwa chachikulu, ndi matenda ena aja amene nthawi imeneyo sitinkawatchula dzina. Akazi awo anatsala kwawo ndi ana awiri. Asilikali anawapumitsa ntchito mwaulemu, n'kuwapatsa kalata yoti azikalandira mankhwala kuchipatala cha kwawo. Mu envelopumo munali mapepala osindikizidwa kuchokera mu kompyuta ya chipatala cha asilikali, mbiri yonse ya thupi lawo.

Woti awanyamule anali ndani ngati si wa njinga? Ndinawakweza pa kaliyala mpaka paboma, ndinawakhazika pabenchi, ine n'kutuluka kukamatitsa chubu chimene chinaphulika panjira. Zimene zinachitika pawindo paja ndinadzazimvetsa pambuyo pake. Mayi wolembetsa uja anafunsa dzina, mudzi ndi tsiku lobadwa, ndipo achimwene anayankha monga ankayankhira zaka zonsezo. Makina anati munthu ameneyu alimo kale. Mayiyo sanalakwe kanthu, chifukwa dzina, mudzi, tsiku, zonse zinali zimodzi. Anatenga mapepala a asilikali aja, zonse zinalowetsedwa pa nambala yanga, ndipo achimwene anapatsidwa buku latsopano lomatidwa kapepala kofanana ndi kanga. Iwo anangoganiza kuti asilikali anatumiza kale mbiri yawo. Kuyambira tsiku limenelo, m'makina a chipatala tinali munthu mmodzi.

Ine ndinazidziwa patatha mwezi, nditapita ndekha chifukwa cha chifuwa changa. Adokotala anali wachinyamata, watsopano pamalopo, ndipo panja panali mzere wofika kumpanda. Anawalitsa kanyali kofiira pa kapepala kanga kaja, n'kuyang'ana pagalasi, kenako anadzuka pang'ono pampando.

"Asajeni, khalani apa. Pepani mwadikira."

Ndinacheuka kuona ngati kumbuyo kwanga kuli munthu. Kunalibe. Iye anatembenuza galasi lija kuti tizionera limodzi, ndipo pamwamba panali dzina langa ndi tsiku langa lobadwa. Pansi pake panali moyo wonse. Gulu la magazi. Kulemera kwa thupi chaka ndi chaka, kukwera, kukwera, kenako kutsika. Katemera amene anabayidwa asanapite kunja kwa dziko, ine amene Mwanza yomwe sindinafikeko. Dzino limene anazula, analemba mpaka mbali yake. Kutalika kwake ndinakuwerenga kawiri, ndipo ndinathokoza kuti ndinali nditakhala pansi. Panali anthu amene kwa zaka zonsezi ankayeza munthu wa dzina langa, kumusamala, kulemba chilichonse, pamene ine mwini dzina mbiri yanga inathera m'mimba mwa chiswe.

Ndikanayenera kunena pomwepo kuti pali kusokonekera. Sindinanene. Adokotala anandimvetsera pachifuwa mofatsa kuposa mmene wina aliyense anandimvetserapo. Ndinali woonda, ndinkatsokomola, ndiye palibe chinamudabwitsa. Anandifunsa ngati mankhwala anga ndikumwa mwandondomeko, ine ndinati ee. Potuluka anandiperekeza mpaka pakhomo. Ndinapalasa njinga kubwerera ku Milepa nditawongola msana, ndipo kunyumba sindinauze munthu.

Patapita masabata awiri ndinapitanso. Kachifuwa kanali kochepa, koti ndikanangomwa madzi otentha a mandimu. Ndinapitira kukaitanidwa usajeni, basi. Linali Lolemba. Ndinapeza dokotala yemwe uja, ndipo ulendo uno anali ndi mpata wotsegula buku langa lenilenilo ndi kuwerenga masamba akumbuyo. Anaima pa tsamba lina, n'kuyang'ana pagalasi, n'kubwereranso pa tsambalo.

"Asajeni, apa pali mzere wofiira woti fansida amakudwalitsani koopsa. Koma m'buku mwanumu ndikuona kuti kuchipatala cha kwanu anakupatsani fansida kawiri chaka chatha. Munamwa?"

"Ndinamwa."

"Munatuluka zilonda? Kapena kuyabwa?"

"Ayi. Ine fansida ndimangotafuna ngati mtedza."

"Ndiye mwina kumene munali kuja anasokoneza ndi munthu wina," anatero. "Mzere umenewu ndi umene ukutiletsa kukupatsani bakitilimu. Mankhwala awiriwa ndi pachibale, amene thupi lake limakana fansida limakananso bakitilimu. Koma ndi matenda anuwa, bakitilimu mukufunika kumamwa tsiku lililonse. Ndiuchotsa. Lachisanu mukabwera tsiku lanu la mankhwala, akakupatsani."

Anagwira pagalasi kawiri ndi chala, mzere wofiira uja n'kuzimiririka. Ndinaona ndi maso angawa. Pakamwa panga panali potsegula, koma chimene chinatuluka ndi zikomo.

Panjira ndinkadziuza kuti sindinaname ndi liwu limodzi. Dzina ndi langa, thupi ndi langa, fansida ndimamwadi. Wonama ndi ndani pamenepa? Koma pofika pa mlatho wa matabwa ndinali nditadziwa bwinobwino chimene ndachita. Lachisanu linali tsiku la achimwene. Akawapatsa mankhwala amene thupi lawo limakana, ndipo mmene analili, ofooka chonchija, sakanapirira zimene anapirira ali mnyamata wonenepa kukampu.

Lachiwiri ndinapita kumunda. Lachitatu ndinanyamula matumba a nandolo a mayi wina kupita nawo kumsika. Paboma sindinabwerere. Ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinkafuna kuti achimwene afe, ndipo yankho limene ndimadzipatsa ndi loti ayi. Koma ndinkafuna kuti nawonso achotseredwe kanthu. Zaka zonsezi ochotseredwa ndinali ine, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe, mayi, atsibweni kapena iwo eni, amene anati pepa. Tsopano kamzere kamodzi kokha kanali katachoka pa zawo, ndipo mumtima mwanga munali kachisangalalo konyansa kamene sindinkafuna kukataya msanga. Ndinkadzinamizanso kuti iwo ndi munthu wamkulu, mankhwala owapweteka amawadziwa, akakana okha.

Panalinso china. Kupita kukanena zoona zonse, kuti dzinalo ndi langa ndipo msilikaliyo analowa ntchito ndi pepala la mng'ono wake, chinali chinthu chimene achimwene ankachiopa kuposa imfa. Ankakhulupirira kuti nkhaniyo ikafika kwa akuluakulu awo, adzafafanizidwa ngati sanagwirepo ntchito, ndipo ana awo awiri aja adzataya zonse zimene usilikali umasiyira ana a msilikali. Kaya zikanaterodi, sindikudziwa. Koma pa mapepala onse a anawo, bambo wawo anali dzina langa.

Lachinayi masana ndinapita ku Mauwa kukagwirizana za ulendo wa mawa lake. Ndinapeza achimwene atagona pamphasa pakhonde, mayi akusenda nandolo pambali pawo. Maso a achimwene anali atayamba kuchita chifunga. Mankhwala ankawapatsa ndi mayi, amene sankadziwa kuwerenga. Ankangoyang'ana chithunzi cha dzuwa ndi mwezi pa timapepala ta pulasitiki, ndipo chilichonse chochokera kuchipatala ankachipereka ndi manja awiri.

"Achimwene," ndinatero, ngati ndikungocheza, "bakitilimu mumamudziwa?"

"Ndi wa chiyani ameneyo?"

"Wa chifuwa, ati."

"Kaya. Ine amene ndimadana naye ndi fansida basi. Komanso zonse zili m'makina mwawo muja, amaona okha. Asilikali salakwitsa polemba."

Anatsokomola nthawi yaitali, mayi n'kuwapatsa madzi. Atapuma anandiitana ndi dzanja kuti ndisendere pafupi, ndipo anayankhula motsitsa kuti mayi asamve.

"Iwe, dzina lako lija ndakusungira bwino. Zaka zonsezi silinalowepo m'buku la milandu, ngakhale kamodzi. Anzanga ankaledzera, ankathawa pantchito. Ine ndinkati ayi, dzina ili ndi la mwini wake."

Ndinapsa mtima kwambiri moti ndinaimirira. Ndinkafuna kuwafunsa kuti ndilidye dzina loyeralo? Ndikalime nalo? Ankayankhula ngati munthu amene wabweza njinga ataitsuka, chonsecho njingayo sanabweze. Koma anali akundiyang'ana ndi maso achifunga aja, akudikira kuti ndisangalale. Zinali zokhazo zimene anali nazo zondipatsa, ndipo anazikonzekera kwa zaka. Ndinati ndamva, ndifika mmamawa, n'kukankha njinga yanga.

Lachisanu ndinawakweza pa kaliyala dzuwa lisanatenthe. Anali opepuka kuposa thumba la nandolo, ndipo pa zitunda sindinatsike n'komwe. Anandigwira malaya kumbuyo njira yonse. Titafika ndinawakhazika pabenchi, ndinawapempha envelopu yakhaki ija ngati ndikufuna kuwasungira, n'kupita pawindo lolembetsera. Panali mayi yemwe uja.

"Mayi, ndabwera kudzaulula. Buku ili ndinalembetsa ndi dzina losakhala langa."

Anavula magalasi. "Ndi la ndani?"

"La achimwene anga, asilikali, awo akhala apowo. Ndinkaona ngati ndikatchula dzina la msilikali ndizithandizidwa msanga. Ndiye Lolemba adokotala anachotsa mzere wofiira chifukwa cha ine. Mzerewo ndi woona. Ndi wa iwowo."

Mayiyo sanali munthu wonong'ona. Anthu onse a pamzere anamva kuti pali bambo wamkulumkulu, wa ndevu zake, amene amaba dzina la m'bale wake wodwala. Wina kumbuyo anati anthu a kabaza ndi otero. Mayiyo anaitana dokotala uja, ndipo dokotalayo atamva anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo uno ndili chiimire, msinkhu wanga wonse uli poyera.

"Bambo, mukudziwa kuti mukanapha m'bale wanu lero?"

"Ndikudziwa."

"Munadziwa liti?"

"Lolemba lomwelo."

Zikanakhala bwino akanandilalatira. Anatenga mapepala a asilikali mu envelopu muja, anawerenga, n'kubwezeretsa mzere wofiira. Kenako iye ndi mayi uja anayamba kuchotsa maulendo anga a mphumu pa nambala ija, umodziumodzi, mpaka pa dzina langa panatsala za achimwene zokhazokha. Mayiyo anamatula kapepala ka pa buku langa ndi chikhadabo, n'kukaponya m'katoni ya zinyalala.

"Tsopano dzina lanu lenileni," anatero, chala chili pagalasi.

Ndinatchula la achimwene, limene mayi anawapatsa pobadwa, limene linakhala lopanda ntchito kuyambira tsiku limene analowa usilikali. Anafunsa tsiku lobadwa, ndipo ndinapeza kuti sindikulidziwa. Palibe amene analilemba paliponse. Ndinatchula chaka chokha, mayiyo n'kuikapo tsiku la pakati pa chaka limene amapatsa anthu osadziwa masiku awo. Makina anatulutsa kapepala katsopano. Ndinachoka pawindopo ndili wamkulu ndi zaka zitatu, wosaphunzira, ndiponso wodziwika chipatala chonse kuti ndine wakuba.

Achimwene anali pabenchi patali, sanamve chilichonse. Anandifunsa chimene ndinachedwera, ndinati mzere. Sindinawauze tsiku limenelo, ndipo sindinawauze m'zaka zinayi zimene anakhalanso ndi moyo. Za masiku anayi aja, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndikuzinena koyamba pano.

Ndingakhale ndikunama nditati nsanje inathera pawindo paja. Ndinakhala pambali pawo pabenchipo ikundiwawabe, mwina kuposa kale, chifukwa poyamba dzinalo anachita kunditengera, koma tsopano ndinali nditalipereka ndekha, pamaso pa mboni. Patapita kanthawi namwino anatsegula chitseko, buku lili m'manja, n'kuitana dzina langa, lonse, ndi la bambo athu lomwe. Tonse awiri tinadzutsa mitu. Ine ndinabweza wanga, ndinawagwira achimwene m'khwapa kuti aimirire, ndipo ndinamuuza namwinoyo kuti ndi awa.